Juzi ya Mkono Woyera

Mzime anali atangomaliza kukolopa pamene mwamuna wina anafika pakhomo pa shopu yotsukira zithunzi. Kunja kunkagwa mvula yowaza. Makasitomala ena akanangolowa ndi matope awo, koma uyu anaima, nayang'ana pansi ponyowapo, n'kupukuta nsapato zake pachiguduli mpaka zinayera. Kenako analowa moponda m'mbali mwa khoma.

Kanthu kakang'ono kameneko Mzime anakaona, ndipo anakasunga mumtima.

"Mwadzuka bwanji, achemwali? Ndabwera kudzatsukitsa zithunzi," anatero mwamunayo akupereka fulashi.

Ntchito ya Mzime inali ya pakompyuta ndi pamakina osindikizira. Tsiku ndi tsiku ankaona maukwati, ana ovala mikanjo ya kusukulu, ndi nkhope zouma za paziphaso. Atatsegula fulashi ya mwamunayu anaganiza kuti makina afa. Chithunzi choyamba chinali mtengo umodzi wakuda pakati pa kuyera kokhakokha. Chachiwiri chinali mzati wa magetsi, mawaya ake akulowa m'nkhungu. Chachitatu chinali njira yopanda munthu.

"Pepani bambo, zikuoneka kuti mitundu yathawa."

"Sinathawe. Ndinaichotsa ndine."

A Mafelemu, bambo wachikulire amene ankadula magalasi ndi matabwa kuseri kwa kauntala, anasuzumira ali ndi pensulo kukhutu.

"Kodi kwanuko anthu anatha?" anafunsa. "Kapena munafika ukwati utabalalika kale?"

Mwamunayo anaseka motsitsa. "Anthu amasokosa, bambo. Ine ndimajambula pamene pali zii."

"Ndiye mulipira chimodzimodzi, a Nkhungu, ngakhale pepala lonse ndi loyera."

Dzinalo linamukhala kuyambira tsiku limenelo.

Makina atatulutsa chithunzi cha mtengo chija, Mzime anachigwira m'mbali osafulumira kuchiika mu envulopu. Kuchiyang'ana kunali ngati kulowa m'tchalitchi pakati pa sabata, mabenchi ali okha.

"Mwachikonda?" anafunsa Nkhungu.

"Chikundimvetsa chisoni. Koma sindikufuna kuchisiya."

"Ndinu woyamba kuchiona bwino."

Anabweranso sabata yotsatira, ndi inzake. Tsiku lina anamupeza akutsokomola, ndipo mawa lake anasiya timaswiti ta pakhosi pakauntala osanena kanthu. Tsiku lina anathandiza a Mafelemu kunyamula galasi lalikulu. Posakhalitsa foni ya Mzime inayamba kulira pafupifupi m'mawa uliwonse.

"Kuwala kwanga, wadzuka? Popanda kuwala palibe chithunzi. Popanda iwe palibe tsiku."

Mzime sankadziwa kuyankha mawu otere. Ankalemba n'kufufuta, kulemba n'kufufuta, mapeto ake n'kutumiza kuti, "Ndadzuka. Mulungu akusunge." Koma akamagwada kupemphera, dzina la mwamunayo linayamba kulowa lokha pakati pa la amayi ake ndi la malemu bambo ake.

Mzime ankakhala ndi amayi ake m'nyumba ya zipinda ziwiri. Anali womaliza kubadwa, ndipo ndiye yekha amene anatsala nawo. Zala za mayiwo zinapindika ndi nyamakazi, maso nawo anali atayamba kuchita mdima, koma makutu anali akuthwa.

"Foni imeneyi ikulira ngati tambala masiku ano," anatero tsiku lina akumwa tiyi. "Tambalayo ali ndi dzina?"

"Ndi wojambula zithunzi, amayi."

"Amapemphera?"

"Amati akakhala yekha kutchire m'mamawa ndi pamene amamva Mulungu."

"Kutchire m'mamawa? Ndiye chibayo chimutenga ndisanamuone."

Mawa lake anatulutsa singano zolukira zimene anazisiya kalekale. Analuka juzi ya ulusi wakuda, pang'onopang'ono, akupuma zala zikayamba kuwawa. Mzime ankawapaka mafuta m'mfundo n'kuwachonderera kuti asiye, koma iwo ankangoti, "Mkamwini sazizidwa ine ndili moyo." Atatsala pang'ono kumaliza mkono wakumanzere, ulusi wakuda unatha. Anamalizira ndi woyera umene unatsala pa chipewa cha mdzukulu.

"Akafunsa umuuze kuti ndi fasho," anatero.

Nkhungu atalandira juziyo anaikumbatira pachifuwa, maso ali ndi misozi.

"Sindidzaivula, Kuwala. Ndikulonjeza. Chionetsero cha zithunzi zanga chikangotha, Lamlungu lotsatira ndibwera kudzagwada pamaso pa amayi."

Loweruka lililonse ankapita kukajambula, ndipo foni yake inkakhala yozimitsa mpaka Lolemba. Mzime atapempha kuti amuperekeze, anakana mokoma.

"Pakakhala munthu wina, bata limathawa. Ndimayenera kukhala ndekha, wokondedwa."

Anamutenga kamodzi kokha, tsiku la pakati pa sabata, ntchito isanayambe. Anapita pamlatho wa oyenda pansi kumapeto kwa tauni. Nkhungu anaimika kamera pachoimikira cha miyendo itatu, naika kagalasi kakuda kutsogolo kwake. Anthu ankadutsa ndi njinga, ena ndi madengu pamutu.

"Ujambula bwanji anthu ali piringupiringu chonchi?"

"Ndimasiya diso la kamera lili chitsegukire kwa nthawi yaitali. Chilichonse choyenda chimafufutika. Chimatsala n'chokhacho chimene chakhala phee. Tayenda uwoloke, uone."

Mzime anawoloka mlathowo akuseka, atagwira siketi kuti mphepo isaiulutse. Atabwerera anayang'ana pakagalasi ka kumbuyo kwa kamera. Mlatho unalipo, zitsulo zake zakuda bii, madzi ali osalala ngati mkaka. Panalibe njinga, panalibe dengu, panalibe Mzime.

"Ndiye ine ndili pati?"

"Uli muno," anatero Nkhungu akudzigunda pamtima. "Nkhope yako siyokwana pa pepala."

Mzime anachisindikiza chithunzicho, a Mafelemu anachiikira felemu ya matabwa otsalira, ndipo anachipachika kunyumba pamwamba pa tebulo.

Chionetsero chitayandikira, Nkhungu anatumiza pafoni chithunzi cha mtengo wina umene unaima wokha paphiri. Ankafuna chikhale chachikulu ngati chitseko, choti aliyense wolowa muholo ayambe kuona chimenecho. Mzime atayesa kuchikulitsa, nthambi zinasungunuka ngati phala.

"Chimene watumizachi n'chaching'ono, unachidula kale," anamuuza atabwera masana. "Ndikufuna chenicheni, mmene chinatulukira mu kamera."

Nkhungu anali pa liwiro, foni ili kukhutu, akukangana ndi eni holo. Anatsegula kamera, natulutsa kakhadi kake kosungira zithunzi, n'kukaika m'dzanja la Mzime.

"Chili mmenemo. Uchidule monga ndinadulira ine. Lachisanu ndidzatenga ndekha, usavutike n'kubwera kuholo, kuli fumbi lokhalokha." Anamufinya chala, natuluka.

Munthu amene wazolowera kudula m'mbali amaiwala zimene anadula. M'mutu mwa Nkhungu chithunzicho chinali mtengo ndi thambo basi.

Mzime anachipeza n'kuchitsegula. Chinali chotambalala kuposa chimene ankachidziwa. Mtengo unali pakati, udzu utasanduka utsi chifukwa cha mphepo. Kumanja, pamwala, panakhala mkazi. Pamiyendo pake panagona kamtsikana, kamutu kali pachifuwa. Mkaziyo sanafufutike ngakhale pang'ono. Anaoneka bwino ngati mwala umene anakhalirawo, chifukwa anakhala osasuntha nthawi yonse imene diso la kamera linali lotseguka.

Anavala juzi yakuda. Mkono umene anafungatira nawo mwanayo unali woyera kumapeto.

Mzime anakulitsa pamenepo mpaka anaona mfundo za ulusi, ndi pamene amayi ake analumikizira woyera ku wakuda. Anatsegula zithunzi zina za m'khadimo. Cha mzati wa magetsi chinali ndi fulasiki ya tiyi ndi makapu atatu m'munsi mwake. Cha njira yopanda munthu chinali ndi kansapato ka mwana pakona.

"Wadwala?" anafunsa a Mafelemu ataona kuti makina ali chete.

Mzime anangoloza. Bamboyo anavala magalasi awo, nayang'ana nthawi yaitali. Nthabwala sizinabwere.

"Mwina ndi mlongo wake," anatero potsiriza. "Anthu amakhala ndi alongo, mwanawe."

"Mwina."

"Tamufunsa."

Mzime anatenga foni n'kulembera Nkhungu. "Tsiku limene unajambula mtengo wa paphiri unali ndi ndani?"

Yankho silinachedwe. "Ndekha, Kuwala kwanga. Ine ndi Mulungu basi. Ndakusowa."

Mzime anaika foniyo chafufumimba. A Mafelemu anapita kuseri, nabwera ndi tiyi m'kapu yawo yomwe sankabwereka munthu, n'kumuikira pafupi ndi dzanja.

Madzulo amenewo Mzime anapeza amayi ake akuchapa nsalu ya patebulo ya alendo, Lamlungu lidakali kutali. Sanawauze kanthu. Anagwada pambali pa bedi, koma mawu anakana kutuluka. Apemphe chiyani? Kuti mkaziyo akhale mlongo? Nanga munthu amabisa mlongo wake kuseri kwa dzina la Mulungu? Anangoti, "Ambuye, ndionetseni chimene chilipo, osati chimene ndikufuna."

M'mawa anasindikiza chithunzicho chonse, osadula kanthu.

"Watsimikiza?" anafunsa a Mafelemu akuyeza matabwa.

"Ngati ndi mlongo wake, aseka, ndipo ndidzasindikiza china."

"Nanga ngati si mlongo?"

Mzime anangowapatsa chithunzicho. A Mafelemu anachiika mufelemu, nachikulunga m'mapepala okhuthala. Lachinayi masana anabwereka galimoto ya abwana.

"Ndikuperekeza," anatero bamboyo. "Galasi limeneli silinyamulika ndi munthu mmodzi."

Muholomo munkanunkha penti. Makoma anali oyera, zithunzi zina zitapachikidwa kale motalikirana, zina zitatsamira pansi. Nkhungu anali pamwamba pa makwerero akukhoma msomali. Pansi, atagwira makwererowo ndi manja awiri, panaima mkazi wa pamwala uja. Anali wamfupi, wankhope yotopa, ali ndi mphete pachala. Kamtsikana kaja kanakhala pakona kakujambula papepala ndi pensulo, kali chete ngati kanaphunzitsidwa kutero.

"Atate ake a mwana, kwabwera alendo," anatero mkaziyo.

Nkhungu anatembenuka. Msomali unagwa n'kugudubuzika pansi.

Mkaziyo anafulumira kuwakokera mipando. "Ndinu a kushopu eti? Khalani, khalani. Mwatuluka thukuta." Anatsanulira madzi m'kapu, napatsa a Mafelemu, kenako Mzime, akugwira kapuyo ndi manja awiri. "Amakutamani kwambiri, achemwali. Amati mzinda wonse uno palibe wina wodziwa kutulutsa chakuda kuti chide bwino."

"Zikomo, mayi," anatero Mzime. Madziwo anamwa, chifukwa anapatsidwa mwaulemu.

"Tinagwirizana Lachisanu," anatero Nkhungu akutsika, mawu ali ouma.

"Chinatha msanga," anayankha a Mafelemu, n'kuyamba kung'amba mapepala aja.

Chithunzi chinaonekera chonse. Mkaziyo anayandikira pang'onopang'ono. Anayang'ana mtengo, kenako maso ake anapita kumanja. Anagwira pakamwa.

"Ndine uyu?" Anatembenukira mwamuna wake. "Mwandisiyamo? Inu?" Anaseka, misozi ikutsika. "Achemwali, simungamvetse. Chikwatiranireni sanandijambulepo. Loweruka lililonse ndimanyamula tiyi, ndikafika amati khala apo, usasunthe, usalankhule, ungandisokoneze. Ndiye ndimangokhala ngati chitsa. Kenako amandidula." Anaitana mwana. "Bwera udzadzione, iwe. Taona, unali m'tulo."

Kamtsikanako kanaloza ndi chala. "Juzi ya adadi."

"Ya adadi kale," anatero mayi ake akupukuta maso. "Anaigula kumsika, koma anati imawayabwa pakhosi. Ine ndiye ndimaikonda. Amene anailuka anali ndi mtima, ngakhale ulusi unamuthera."

Mzime anaika kapu pampando mosamala kuti isalire.

"Amene anailuka zala zimamuwawa," anatero motsitsa. "Muziisamala, mayi."

Mkaziyo anagwedeza mutu, maso adakali pachithunzi. Sanamve bwino, kapena anamva osazindikira. Mzime anatuluka.

Nkhungu anamupeza pamasitepe akunja.

"Kuwala, taima. Tandimvera."

"Musanditchule choncho, bambo."

"Ndinkafuna kukuuza. Zinthu sizikuyenda kunyumba, ndi kale zinafa. Iwe ndi amene umandimvetsa. Iye saona chimene iwe umaona."

"Angaone bwanji? Munamuuza kuti akhale pambali."

"Ndipatse nthawi, wokondedwa. Chionetsero chikangotha..."

"Lamlungu mukanabwera?"

Nkhungu anayang'ana kumsewu.

"Amayi anachapa kale nsalu ya patebulo. Ndikufunsa kuti mukanabwera?"

"Ndikanapeza njira."

"Njira yobwerera, kapena njira yozembera?"

Nkhope ya Nkhungu inasintha, nayankhula ngati munthu amene wapondedwa chala. "Koma chithunzi chija wachiononga. Sichingapachikidwe chili choncho. Pakhomo pamafunika mtengo wokha."

Mzime anamuyang'ana. Kodi uyu ndi yemwe uja anapukuta nsapato pachiguduli? Anali yemweyo ndithu, ndipo chimenecho n'chimene chinawawa koposa.

"Kachichotseni," anatero. "Akazi anu aimirira patsogolo pake. Kawauzeni kuti mukuwadulanso."

Anatulutsa kakhadi kaja m'thumba n'kukaika pakhoma la masitepe, osati m'dzanja lake.

M'galimoto a Mafelemu sanatsegule wailesi monga ankachitira. Anayendetsa pang'onopang'ono, akuzemba maenje. Foni ya Mzime inalira kangapo m'chikwama. Anaitulutsa kamodzi. "Usandisiye mumdima, Kuwala kwanga. Ndikulonjeza kuti ndikonza zonse." Anaizimitsa.

"Ukanamuuza mkazi uja," anatero bamboyo atafika pamphambano.

"Ndinayesa. Pakamwa panakana. Anali akuseka, bambo."

"Adzalira tsiku lina."

"Ndikudziwa. Sindikudziwa ngati ndachita bwino."

M'malo mobwerera kushopu a Mafelemu anakhotera njira ya kwawo kwa Mzime.

"Abwana ndiwauza kuti mutu wakugwira. Si bodza kwenikweni."

Mzime anapeza amayi ake atakhala pakhonde, nsalu ya patebulo itasitidwa n'kupindidwa pamiyendo pawo.

"Waweruka msanga. Ndimafuna ndikufunse, mkamwiniyo amamwa tiyi wa mkaka? Komanso mpando uja ukugwedera, usamugwetse tsiku loyamba."

Mzime anakhala pansi pafupi ndi mapazi awo.

"Sabwera, amayi."

"Wadwala?"

"Ali ndi mkazi. Ndi mwana."

Mayiwo sanakuwe. Anasalaza nsaluyo ndi zala zawo zopindikazo, kamodzi, kawiri. Kenako dzanja lawo linafufuza mutu wa mwana wawo n'kukhala pamenepo.

"Nanga juzi ija?"

"Amavala mkaziyo. Akuti ndi yofunda."

"Akudziwa za iwe?"

"Ayi."

"Ndiye tizimupempherera. Iwe watulukamo, iye adakali momwemo."

Apo ndi pamene Mzime analira, nkhope ataibisa m'chitenje cha amayi ake, mopanda phokoso kuti oyandikana nawo asamve.

Dzuwa litapendeka analowa m'nyumba. Mayiwo anaika nsalu ija pansi pa sutikesi pamene inkakhala. Mzime anakwera pampando wogwedera uja kuti atsitse chithunzi cha mlatho.

"Tandipatsa ndichione komaliza," anatero amayi ake. Anachiyandikitsa kumaso, nachitembenuzira kuzenera. "Paja unati tsiku limeneli unalipo. Ine ndakhala ndikukufunafuna, ndimaganiza kuti ndi maso angawa. Uli pati?"

Mzime anayang'ana zitsulo zakuda zija, ndi madzi osalala, ndi matabwa opanda phazi la munthu.

"Si maso anu, amayi. Mulibemo ine."

Anachitembenuza, nawongola timisomali ta kumbuyo, n'kutulutsa pepalalo. Felemuyo anaipukuta ndi m'mphepete mwa siketi n'kuiika pafupi ndi chikwama chake, kuti m'mawa akabwezere a Mafelemu.